Gilbert Lewis ndi Ntchito Yoyeza Zotheka ndi Zosatheka



Aliyense amene adaphunzirako kemisitiri kusekondale adajambulapo timadontho pambali pa chilembo: timadontho tiwiri pakati pa H ndi H, kusonyeza maelekitironi awiri amene maatomu awiriwo akugawana. Timadontho timeneti tili ndi mwini wake. Ndi Gilbert Newton Lewis wa ku America, amene adatitulutsa mu 1916, ndipo ambiri amamudziwira pomwepo basi. Koma zaka zochuluka za kafukufuku wake, kuyambira cha mu 1899 mpaka 1923, zidathera pa ntchito ina yosakopa maso, yodzaza masamu ndi kuyeza kobwerezabwereza, imene akatswiri amaitcha thermodynamics ya kemisitiri. Ndi imeneyi ndikufuna ndikambe lero. Ndimakhulupirira kuti idasintha kagwiridwe ntchito ka akatswiri a kemisitiri mofanana ndi timadontho tija, ngakhale sikumbukiridwa mofanana.

Funso lake nlosavuta kulimva. Muli ndi zinthu ziwiri. Mukaziphatikiza, kodi zisanduka chinthu chachitatu chimene mukufunacho? Ngati zisanduka, zikafika pati n'kuima: zonse, theka, kapena kachigawo kochepa? Mukasonkhezera moto, zikukomerani kapena zikuipirani? Munthu wofuna kumanga fakitale ya feteleza kapena ng'anjo yosungunulira chitsulo sangathire chuma chake pa kungoganizira. Ayenera kudziwiratu, asanaumbe ndi njerwa imodzi yomwe.

Pakati pa zaka za m'ma 1850 ndi m'ma 1870, akatswiri awiri otchuka, Julius Thomsen wa ku Copenhagen ndi Marcellin Berthelot wa ku Paris, adakhulupirira kuti yankho lili m'kutentha. Ankati kusandulika kulikonse kochitika pakokha kumatulutsa kutentha, ndipo kutenthako kukachuluka ndiye kuti mphamvu yokankha kusandulikako nayonso ndi yayikulu. Maganizowa ngomveka. Nkhuni zikamayaka zimatentha, simenti akathiridwa madzi amafunda. Koma tapani supuni zingapo za feteleza wa urea, muthire m'kapu ya madzi, mutakase, kenaka mugwire kapuyo. Mupeza kuti yazizira. Palibe amene wakakamiza urea kusungunuka, wasungunuka yekha, koma m'malo motulutsa kutentha wachita kukoka kutentha kwa madziwo ndi kwa dzanja lanu. Lamulo la Thomsen ndi Berthelot lagwera m'kapu momwemo.

Chimene chidasowa ndi chinthu chachiwiri, chotchedwa entropy. Umenewu ndi muyeso wa kuchuluka kwa njira zimene tizigawo ta chinthu, pamodzi ndi mphamvu zake, tingamwazikire. Urea akakhala m'mibulu, mamolekyulu ake amakhala atayalana pamalo amodzi. Akasungunuka amamwazika m'madzi monse, ndipo kumwazikako kumapambana kusowa kwa kutentha kuja. Choncho pali zinthu ziwiri zokokana: kutentha kumene kusandulika kumatulutsa kapena kumeza, ndi kusintha kwa entropy, kumene mphamvu yake imakula chinthu chikamatentherapo. Mukaziika ziwirizi m'samu imodzi mumapeza nambala yotchedwa free energy. Kusandulika kumene kumatsitsa free energy kungachitike pakokha. Kumene kumaikweza sikungachitike pokhapokha mutalipira ndi mphamvu yochokera kunja, monga magetsi. Ndipo pamene free energy yafika potsikitsitsa, kusandulika kumaima, mbali ziwiri zalingana.

Zonsezi si Lewis adazitulukira. Adazilemba kale Josiah Willard Gibbs, mphunzitsi wofatsa wa pa Yale ku New Haven, m'chikalata cha masamba pafupifupi 300 chimene chidatuluka m'zigawo pakati pa 1875 ndi 1878, m'magazini ya bungwe la sayansi la ku Connecticut imene anthu ochepa ankaiwerenga. Ntchito ya Gibbs inali yolondola kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Vuto linali loti akatswiri a kemisitiri a nthawiyo sankatha kuigwiritsa ntchito. Masamu ake anali ozama, mawu ake ochepa, ndipo ngakhale Wilhelm Ostwald ataimasulira m'Chijeremani mu 1892, panatsala chinthu chachikulu: manambala. Gibbs adanena kuti chinthu chilichonse chili ndi free energy yake, koma ya madzi ndi yochuluka bwanji, ya mchere ndi yochuluka bwanji, ya ammonia nanga, panalibe amene adaziyeza n'kuziika pamodzi mwadongosolo. Lamulo linalipo, chogwirira ntchito panalibe.

Lewis adabadwa mu Okutobala 1875 ku Weymouth m'chigawo cha Massachusetts, n'kukulira ku Lincoln, Nebraska, kumene banja lawo lidasamukira iye ali mwana. Maphunziro ake oyamba ambiri adawalandira kunyumba kwa makolo ake. Adayamba yunivesite ku Nebraska, kenaka adasamukira ku Harvard, komwe adatenga digiri yoyamba mu 1896 ndi ya udokotala mu 1899 pansi pa Theodore William Richards, katswiri woyeza kulemera kwa maatomu amene adadzakhala munthu woyamba wa ku America kulandira mphoto ya Nobel ya kemisitiri. Kwa Richards, Lewis adaphunzira kuyeza mosamala, koma sadagwirizane: Richards ankakayikira kulota zinthu zosayezeka, pamene Lewis mutu wake unkangothamangira ku malamulo aakulu. Adapita ku Germany chaka chimodzi, kwa Ostwald ku Leipzig ndi kwa Walther Nernst ku Göttingen, ndipo kumeneko kudayambika udani ndi Nernst umene udamutsata moyo wake wonse. Atabwerera ku Harvard, mu 1904 adachokakonso n'kupita ku Manila, m'dziko la Philippines, kukayang'anira za masikelo ndi miyezo. Ngakhale kumeneko sadaleke kafukufuku. Adafufuza mmene silver oxide amaphwasukira akatenthedwa n'kutulutsa okosijeni. Mu 1905 Arthur Amos Noyes adamuitanira ku MIT, ku labotale yake ya kafukufuku wa physical chemistry.

Tsopano tifike pa mfundo ziwiri zimene zili zake zenizeni. Ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene ophunzira ambiri amabwerera.

Malamulo osavuta a kemisitiri amene mumaphunzira kusekondale adapangidwira zinthu zongoyerekeza: mpweya umene mamolekyulu ake sakokana ndipo satenga malo, kapena madzi amene zosungunukamo zake sizidziwana. Zinthu zenizeni sizili choncho. Mpweya ukapanikizidwa kwambiri, mamolekyulu ake amayandikana, amakokana, amakankhana, ndipo lamulo limaphonya. Akatswiri a nthawiyo ankachita ziwiri: kapena kunyalanyaza kuphonyako, kapena kupanga lamulo latsopano lovuta pa chinthu chilichonse. Lewis adatenga njira ina. Adati tisunge lamulo losavutalo momwe lilili, koma tisinthe nambala imene timaikamo. M'malo mwa puresha imene geji ikuonetsa, tiikemo puresha imene mpweyawo ukuchita nayo zinthu, imene imasonyeza kufunitsitsa kwake kuchoka pamene uli. Nambala imeneyi adaitcha fugacity, mu 1901. Mu 1907 adawonjezera inzake yotchedwa activity, yogwira ntchito yomweyo pa zinthu zosungunuka m'madzi ndi m'zosakaniza zina.

Ganizirani za ndalama. Nambala yolembedwa pa pepala la kwacha ndi ina, zimene pepalalo lingagule pamsika tsiku limenelo ndi zina. Wochita malonda wanzeru amawerengera zachiwirizi. Kuchuluka kwa mchere umene mwathira m'madzi ndi nambala ya papepala, activity ndi zimene mcherewo ungagule. Mukasungunula magalamu 5.8 a mchere wa patebulo mu kilogalamu imodzi ya madzi pa madigiri 25, mcherewo umachita zinthu ngati kuti mwathira magawo 78 okha pa 100 alionse. Enawo sadasowe, alimo ndithu, koma maayoni ake akukokana ndi kutchingirana, ndiye mphamvu zawo zachepa.

Ena adanyoza, ndipo mpaka lero alipo amene amati activity si lamulo latsopano la chilengedwe, ndi njira chabe yolembera zimene Gibbs adanena kale. Nzoona, ndipo ine sindiona chonyozetsa pamenepo. Gibbs adagwiritsa ntchito nambala yotchedwa chemical potential, imene munthu sangaione m'maganizo, ndipo imathawira kutali kopanda malire chinthu chikamachepa. Lewis adapereka nambala yofanana ndi puresha ndi kuchuluka kwa chinthu, zimene katswiri aliyense wa m'labotale ankazidziwa ndi manja ake. Kuchoka pamenepo, kusiyana kulikonse pakati pa chinthu chenicheni ndi chongoyerekeza kudakhala nambala imodzi yoti munthu ayeze, alembe, mnzake adzagwiritse ntchito. Namwino kapena katswiri wa nthaka akaviika kachipangizo koyezera pH, chimene kakuwerenga kwenikweni ndi activity ya maayoni a haidirojeni, osati kuchuluka kwawo. Muyeso wa pH adauyambitsa Søren Sørensen ku Copenhagen mu 1909, koma tanthauzo lake la masiku ano laima pa mfundo ya Lewis.

Atapeza chogwirira ntchito, Lewis adayamba chimene ine ndimachiona kuti ndi mtima wa moyo wake: kuyeza free energy ya zinthu chimodzichimodzi. Njira zinali zitatu. Yoyamba, kulola kusandulika kuti kufike poima n'kuyeza zimene zatsala mbali zonse. Yachiwiri, kupanga kabatire kamene kusandulikako kakuchitikiramo n'kuyeza mphamvu ya magetsi ake, poti mphamvuyo imapereka free energy mwachindunji. Yachitatu, kuyeza kutentha ndi entropy padera n'kuziphatikiza. Ndipo poti free energy imawonkhetseka, mukadziwa ya kusandulika kuwiri mungapeze ya kwachitatu popanda kukuyesa. Zinthu zochepa zikayezedwa bwino, zimatsegula khomo la kusandulika kosawerengeka.

Ndikupatseni chitsanzo chimodzi cha luso limene ntchitoyi inkafuna. Chitsulo cha sodium chikakhudza madzi chimalusa, nthawi zina kuyaka kumene, choncho simungachiviike m'madzi kuti muyeze mphamvu yake ya magetsi. Mu 1910 Lewis ndi Charles Kraus adazungulira vutoli. Adasungunula sodium wochepa kwambiri mu mercury, chosakaniza chimene madzi sachidya msanga, n'kuyeza mphamvu yake m'madzi. Kenaka adayeza kusiyana kwa chosakanizacho ndi sodium weniweni m'madzi ena otchedwa ethylamine, amene salusa ndi sodium. Atawonkhetsa ziwirizo adapeza nambala yoyandikana kwambiri ndi 2.71 volts imene ili m'mabuku anu lero. Njira yomweyo idagwira ntchito pa potassium ndi lithium. Mu 1912, pamodzi ndi G. H. Burrows, adayeza free energy ya urea yemwe uja, kusonyeza kuti zinthu zochokera m'matupi a zamoyo zimamvera malamulo omwewa. Kunali kusonkhanitsanso zoyeza za anthu ena za zaka makumi ambiri, kuziwerengera mwatsopano, kutaya zolakwika, kufunsa chifukwa chimene nambala ya ku Leipzig ikusiyanirana ndi ya ku Paris. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa kudekhako kudatenga zaka zoposa makumi awiri.

Mndandanda wotere umauza munthu chiyani? Tengani madzi. Haidirojeni ndi okosijeni zikapanga magalamu 18 a madzi pa madigiri 25, free energy imatsika ndi makilojoule 237. Nambala imodziyi ikukuuzani kuti madzi sangaphwasuke okha kubwerera ku mipweya iwiriyo, ndiponso kuti wofuna kuwaphwasula ndi magetsi sangathe ndi mphamvu yochepera 1.23 volts, kaya makina ake ndi apamwamba chotani. Munthu akabwera ndi galimoto yoti imayendera madzi okha, simufunika kutsegula boneti. Mndandanda wayankha kale. Tengani dayamondi ndi graphite, ija ya mkati mwa pensulo. Zonse ndi kaboni, koma pa puresha ya masiku onse dayamondi ali pamwamba ndi makilojoule pafupifupi 3 pa magalamu 12, choncho graphite sangasanduke dayamondi patebulo panu. Koma dayamondi amatenga malo ochepa kuposa graphite, ndiye puresha ikakwera kwambiri zinthu zimatembenuka. Akatswiri a kampani ya General Electric atapanga dayamondi mu 1954, ankadziwa kale dera la puresha limene ayenera kufunafunamo.

Pali malire amene ndiyenera kuwanena momveka, ndipo Lewis ankawadziwa bwino. Thermodynamics imanena chimene chingatheke, koma sinena kuti chitenga nthawi yaitali bwanji. Haidirojeni ndi okosijeni zingakhale m'botolo limodzi zaka ndi zaka osasanduka madzi, kufikira kamoto kakang'ono katagweramo. Ammonia, amene amapangira feteleza wa urea, ndi chitsanzo chabwino koposa. Pa madigiri 25 manambala amalola kuti naitirojeni ndi haidirojeni zipange ammonia, koma liwiro lake nlochepa moti simungaone kanthu. Mukatenthetsa kuti zifulumire, malo oimira amabwerera m'mbuyo ndipo ammonia amachepa. Chopulumutsa ndi puresha, chifukwa mamolekyulu anayi akusanduka awiri. Fritz Haber adasonyeza njirayi mu 1909, ndipo Carl Bosch adatsegula fakitale ku Oppau mu 1913. Ulemu umenewo ngwawo, osati wa Lewis. Koma pa madigiri 400 mpaka 500 ndi puresha yoposa ya mpweya wotizungulira kokwana 150 kapena 200, mipweya imasiya kumvera malamulo osavuta, ndipo injiniya wokonza fakitale yotere masiku ano amawerengera ndi fugacity.

Mu 1912 Lewis adasamukira ku Berkeley, ku University of California, kukatsogolera sukulu ya kemisitiri imene panthawiyo sinali yotchuka. Adatenga anzake ena a ku MIT, mmodzi mwa iwo Merle Randall, ndipo chaka chotsatira kudabwera Joel Hildebrand. Kayendetsedwe kake kanali kachilendo. Sadafune kuti kemisitiri igawidwe m'timagulu tosalankhulana. Aphunzitsi akuluakulu omwe ankatenga nawo magulu a ophunzira a chaka choyamba. Ophunzira a digiri ya udokotala sankakhalitsa m'kalasi. Ankayamba kafukufuku msanga. Sabata iliyonse onse ankasonkhana, wina n'kufotokoza zimene wapeza, Lewis atakhala ndi ndudu yake yaikulu, akufunsa mafunso amene ankafika pamene mfundo yafooka. Wamng'ono anali ndi ufulu wotsutsa wamkulu, bola akhale ndi umboni. Nyumba ya Gilman Hall idamangidwa mu 1917 kuti ntchitoyi ipeze malo. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse idamutengera ku France, komwe adaphunzitsa asilikali kudziteteza ku mpweya wa poizoni, kenaka adabwerera ku manambala ake.

Mu 1921 iye ndi Randall adaona chinthu chimene ena adachidutsa. Poyang'ana manambala a activity a michere yambiri yosakanikirana, adapeza kuti m'madzi osachuluka mchere, khalidwe la ayoni silidalira mayina a maayoni ena amene ali nawo limodzi. Limadalira nambala imodzi yokha: mutenge kuchuluka kwa ayoni iliyonse, muchulukitse ndi mphamvu yake ya magetsi kawiri, muwonkhetse zonse, mugawe pakati. Adaitcha ionic strength. Mchere wa patebulo ndi magnesium sulfate zikathiridwa mofanana, wachiwiriyu amakhala ndi ionic strength yochuluka kanayi, poti maayoni ake amanyamula magetsi owirikiza. Lamuloli adalipeza pongoyang'anitsitsa zoyeza, opanda chifukwa chake m'manja. Patangopita zaka ziwiri, mu 1923, Peter Debye ndi Erich Hückel ku Zürich adawerengera kuchokera ku fizikisi ya kukokana kwa magetsi, ndipo m'samu yawo mudatuluka nambala yomweyo. Ndikawerenga mbiri imeneyi ndimasangalala nthawi zonse: anthu oyeza ku California ndi anthu owerengera ku Switzerland, njira zosiyana, n'kukumana pa nambala imodzi.

Njira yachitatu yopezera free energy ija inkafuna poyambira powerengera entropy. Nernst adanena mu 1906 kuti kuzizira kukamayandikira malire ake omaliza, madigiri 273.15 pansi pa ziro, kusintha kwa entropy pakati pa zinthu zolimba kumatha. Lewis ndi George Ernest Gibson adayesa mfundoyi ndi manambala, n'kuona kuti Nernst adaitambasula kupitirira muyeso. Imagwira bwino pa crystal yangwiro, imene atomu iliyonse ili pamalo pake, koma osati pa zinthu zouma mosayalana monga galasi. Gibson ndi wophunzira wake William Giauque adatsimikiza izi mu 1923 poziziritsa glycerol m'njira ziwiri. Giauque adathera moyo wake wonse pa kuzizira kumeneku. Mu 1929 iye ndi Herrick Johnston adatulukira kuti okosijeni ali ndi mitundu yolemerapo, ya 17 ndi 18. Mu 1933 Giauque adafika pa kota ya digiri imodzi pamwamba pa malire omaliza aja pogwiritsa ntchito maginito. Gulu lake lidapezanso kuti ayezi amasunga entropy pang'ono ngakhale atazizira chotani, ndipo Linus Pauling adafotokoza mu 1935 kuti chifukwa chake nchakuti maatomu a haidirojeni m'ayezi ali ndi njira zambiri zokhalira. Onani mmene nambala yoyezedwa ndi chipangizo choyezera kutentha idaululira kaimidwe ka maatomu amene palibe adawaona. Giauque adalandira mphoto ya Nobel mu 1949.

Zonsezi zidasonkhanitsidwa mu 1923 m'buku la Lewis ndi Randall lotchedwa Thermodynamics and the Free Energy of Chemical Substances. Linali buku lolembedwera munthu wa m'labotale: mfundo, chitsanzo chenicheni, samu yoti ayesere, ndipo kumapeto mindandanda ya free energy. Mawu akale akuti affinity, otanthauza mphamvu yokankha kusandulika ija, amene adasokoneza akatswiri kwa zaka zoposa zana, adayamba kuzimirira, free energy n'kulowa m'malo mwake. M'chaka chomwecho Lewis adatulutsanso buku la kamangidwe ka maatomu ndi mamolekyulu, m'mene muli tanthauzo lake la asidi ndi base limene mukuliphunzirabe. Mabuku awiri otere m'chaka chimodzi, kuchokera kwa munthu mmodzi. Atatero, adaona kuti thermodynamics waifikitsa pamene ankafuna, n'kutembenukira ku zina. Mu 1926 adapereka dzina lakuti photon, limene lero limatanthauza kachigawo ka kuwala. Mu 1933 adakhala woyamba kupanga madzi olemera osasakanikirana, kutsatira deuterium, haidirojeni yolemerapo, imene wophunzira wakale wa ku Berkeley, Harold Urey, adaitulukira mu 1931. M'zaka zake zomaliza adafufuza ndi Michael Kasha chifukwa chimene zinthu zina zimapitirira kuwala nyali itazimitsidwa.

Mphoto ya Nobel sadalandire. Dzina lake lidaperekedwa maulendo 41. Urey adalandira mu 1934, Giauque mu 1949, Glenn Seaborg, amene adakhalapo wothandizira wake m'labotale, mu 1951, Willard Libby mu 1960, Melvin Calvin mu 1961, onsewa anthu amene adadutsa m'sukulu imene iye adaimanga. Wolemba mbiri Patrick Coffey, amene adawerenga zikalata za komiti ya ku Stockholm, adasonyeza m'buku lake la 2008 kuti Wilhelm Palmaer, mnzake wa Nernst amene anali m'komitiyo, adalemba malipoti opeputsa ntchito ya Lewis ya thermodynamics. Lewis naye sanali wophweka. Ankasunga mangawa. Adadzudzula zolakwa za Nernst poyera mosanyengerera, adakhumudwa kwambiri pamene Irving Langmuir adatchuka ndi mfundo za maelekitironi zimene iye adayambitsa, ndipo mu 1934 adatuluka m'bungwe la National Academy of Sciences. Koma ine ndikuona chifukwa china choposa udani wa anthu. Mphoto imakonda chinthu chimodzi chonyezimira, chokhala ndi tsiku lake lotulukiridwa. Ntchito ya Lewis inali yokonza, yoyeza, yogwirizanitsa, ndipo ntchito yotere ikatheka bwino anthu amaigwiritsa ntchito osakumbukanso kuti idachita kupangidwa. Komitiyo idalakwitsa, ndipo sindiona chifukwa chonenera mozungulira.

Adamwalira pa 23 Malichi 1946, ali ndi zaka 70, m'labotale yake ku Berkeley, momwe ankagwira ntchito ndi hydrogen cyanide. Woyeza mtembo adati ndi matenda a mtima.

Mindandanda ija idapitirira ndi anthu amene iye adawaumba. Wendell Latimer adatulutsa mu 1938 buku la mphamvu za magetsi za zinthu zosungunuka m'madzi, limene akatswiri a mabatire, a dzimbiri ndi a migodi adalidalira kwa zaka zambiri. Frederick Rossini, wophunzira wa Randall, adapita ku National Bureau of Standards ku Washington, komwe adayeza kutentha kwa kupangika kwa madzi molondola kwambiri ndi kutsogolera mndandanda waukulu wa 1952 wotchedwa Circular 500, umene udasandutsa ntchito ya anthu awiri kukhala udindo wa boma. Kenneth Pitzer, ali wophunzira mu 1936, adagwiritsa ntchito entropy ya mpweya wa ethane kusonyeza kuti mbali ziwiri za molekyulu yake sizizungulira momasuka monga ankaganizira. Pitzer yemweyo ndi Leo Brewer adakonzanso buku la Lewis ndi Randall mu 1961. Samu ya Debye ndi Hückel imagwira bwino m'madzi a mchere wochepa okha, ndiye mu 1973 Pitzer adatulutsa masamu ofikira madzi a mchere wambiri. Amenewo ndiwo amagwiritsidwa ntchito lero powerengera activity m'madzi a m'nyanja zamchere ndi m'maiwe owumitsiramo lithium, pofuna kudziwa mchere umene uyambe kugwa pansi madzi akamaphwa.